Labala Anaperewera Zala Zitatu

Achimwene anga aakulu anaimba foni Lamlungu masana, ndisanavule n'komwe zovala za kutchalitchi. Sanazungulire. Anati Loweruka abwera kudzatenga bambo kuti azikakhala nawo kutauni, chifukwa mvula yayandikira ndipo iwo sangalole kuti munthu wodwala azikwezedwa pa kabaza m'matope popita kuchipatala.

"Galimoto ilipo," ndinatero ine.

"Iti? Ija denga lake mumagona nkhuku?"

Ndinapsa mtima, koma sindikanatsutsa, chifukwa nkhuku zinkagonamodi. Tinakangana mpaka foni inatentha m'manja. Pomaliza anati: "Chabwino, chemwali. Ndikadzapeza galimotoyo ili ndi denga losadontha, ndiwasiya. Ikadontha ndikuwatenga tsiku lomwelo, ndipo usadzandilirire."

Bambo anali atadwala sitiroko chaka cham'mbuyo. Mbali yamanzere inafa, dzanja ndi phewa lomwe, ndipo mwendo ankachita kuukoka. Mawu anatsala, koma ankatuluka amodziamodzi, olemera. Masabata awiri aliwonse ndinkapita nawo kuchipatala cha Kabudula kukayezetsa kuthamanga kwa magazi ndi kukatenga mankhwala. Kukhala tsonga pamsewu wathu wa mabampu sankatha, choncho ndinkawagoneka pamatiresi kumbuyo kwa galimoto n'kuwafunditsa chitenje kuopa fumbi. M'chilimwe zinkatheka. Koma kumbuyoko kunali kopanda denga.

Galimotoyo ndi yakale kuposa ine, yobiriwira, yaifupi. Bambo anaigula pa esiteti ina ya fodya ali mphunzitsi wachinyamata, ndipo ndi iwo anandiphunzitsa kuiyendetsa. Kutsogolo ili ndi kanyumba kake, koma denga lakumbuyo ndi lachitsulo lochotseka, lomangidwa ndi mabawuti, lokhala ndi galasi limodzi mbali iliyonse. Chaka ndi chaka tikakolola, bambo ankalichotsa kuti anyamule mabelo a fodya ndi matumba a mtedza, ndipo mabingu oyamba akamveka ankaitana amuna anayi kudzalibwezera. Mayi atamwalira mwambowu unazilala. Denga linakhala zaka zitatu pa njerwa kuseri kwa chigafa, dzuwa likuliwamba.

Nditawauza bambo zimene achimwene ananena, anakweza ndodo yawo n'kuloza kumitengo yakumanda.

"Amako ali apo," anatero. "Sindipita."

Bambo ndi mkamwini pamudzi pathu, kwawo ndi ku Nambuma. Mayi atamwalira anthu ankayembekeza kuti abwerera kwawo, koma iwo sanasunthe. Ndinadziwa kuti munthu amene anakana kubwerera kwawo kwenikweni sangakhale moyo m'chipinda cha kutauni, akuyang'ana mpanda wa njerwa tsiku lonse. Ndinadziwanso kuti achimwene akanena chinthu amachita. Mantha anandigwira kuyambira tsiku limenelo, ndipo sanandisiye sabata yonse.

Lolemba nditaweruka kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndinaitana amuna anayi a m'mudzi. Tinapirikitsa nkhuku, tinatsuka zitosi, n'kukweza denga pagalimoto. Mabawuti anavuta koma analowa. Vuto linali pamagalasi. Labala wozungulira galasi, amene amaligwira kuchitsulo n'kutsekereza madzi, anali ataumiratu. Nditangomukhudza ndi chala anayoyoka ngati nkhoko za mumphika. Galasi limodzi linagwedera ndipo likanagwa pansi ndikanapanda kuligwira ndi chifuwa. Bambo analamula kuti onse awiri achotsedwe, akulungidwe m'bulangeti, aikidwe pansi pa bedi lawo. Limodzi linali ndi kachibenthu pakona, kakang'ono ngati njere ya mapira, koma bambo anakaloza kawiri kuti ndikaone bwino. Galasi la galimoto yotere likasweka, lina sungalipeze.

Lachiwiri ndinayenda m'magolosale onse ogulitsa zitsulo pa Nsaru. Wina anandipatsa pati womatira magalasi a nyumba. Wina anati ndingomata pulasitiki wakuda uja timafoleretsa chigafa. Wachitatu anandifunsa kuti mwamuna wanga ali kuti, bwanji osabwera yekha kudzafotokoza bwino, ndipo ndinatuluka ndisanamuyankhe zimene zinali pakamwa panga. Bambo atamva za pati anapukusa mutu. Anati denga limapindika galimoto ikamayenda, pati angasweke tisanafike n'komwe pamlatho. Munthu wina anandiuza za minibasi yakufa kuseri kwa galaja ina ku Namitete, koma nditaimbira mnzanga wa kumeneko kuti akaione, anati labala wake wavunda kuposa wathu.

Lachitatu ndinapempha tchuthi cha masiku atatu n'kukwera minibasi ya kutauni. M'chikwama ndinali ndi kachidutswa ka labala wakale mu envelopu, ndi chingwe chimene ndinayezera mazenera onse awiri n'kumanga mfundo. Kumsika wa masipeya anyamata anandizinga, aliyense akuti ali naye, aliyense akundikokera kwake. Anandionetsa labala wa zitseko, wa mafiriji, wina wa chiyani kaya. Dzuwa litapendeka ndinafika pakashopu kena kakumapeto, kwa bambo wina wachikulire wodula magalasi a mabasi. Iye sanalankhule zambiri. Anatenga kachidutswa kanga, anakayang'ana kumphepete kumene kanaduka, n'kundionetsa kuti kali ndi ngalande ziwiri, ina yolowa galasi, ina yolowa chitsulo. Analowa mkati, anafukula pansi pa makatoni, n'kutuluka ndi kamkukutu ka labala wakuda wonunkha utsopano.

Tinayeza ndi chingwe changa. Anakwana mazenera awiri, n'kutsalako ngati chikhatho chimodzi.

"Ndi womaliza ameneyu, mayi," anatero. "Musawononge. Wina wotere sindikudziwa adzabwera liti."

Mu minibasi ndinamufungatira pamiyendo ulendo wonse. Cha ku Mpingu kumwamba kunali kutada bii, ndipo anthu ankakambirana zoti mvula yagwa kale kwinakwake kumpoto.

Wondithandiza kuika magalasi anali a malume, mlongo wawo wa mayi, amene akhala akukonza njinga pa Nsaru kuyambira ine ndili wakhanda. Ndi munthu wa manja abwino ndi mtima wabwino, koma sauzidwa. Iwo ndi bambo akhala akunyogodolana moyo wawo wonse, wina akuti aphunzitsi amadziwa choko chokha, wina akuti okonza njinga amayesa chilichonse ndi njinga. Anabwera Lachinayi masana ndi kachikwama kawo ka masipanala. Bambo tinawakhazika pampando pafupi ndi galimoto kuti azitiuza zochita, pakuti ntchitoyi anaigwirapo kale ndi manja awo.

Poyamba zinayenda bwino. Tinapala dzimbiri m'mphepete mwa mazenera ndi sandipepa. Tinasungunula sopo m'beseni. Bambo anafotokoza, mawu amodziamodzi, kuti labala amayamba wavekedwa kuzungulira galasi, kenaka m'ngalande yachiwiri mumalowetsedwa chingwe chonyowa ndi sopo. Wina amakankha galasi ali kunja, wina ali mkati amakoka chingwe pang'onopang'ono, ndipo chingwecho pamene chikutuluka chimakokera mlomo wa labala mkati mwa chitsulo.

A malume anayamba ndi galasi la kachibenthu lija. Analiimika pamphasa, analipana ndi mawondo, n'kuyamba kuveka labala kuchokera pamwamba. Ndipo ankamukoka. Ankamukoka ndi mphamvu, mitsempha ya m'manja ili njoo, mmene amakokera mphira pomanga thumba la chimanga pakaliyala.

"Alamu," anatero bambo. "Musakoke."

"Mphira yosakoka igwira chiyani, alamu? Inu khalani phee, muone ntchito."

"Musakoke. Abwerera."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikugwira mphira, lero ndiphunzitsidwe ndi munthu wa choko?"

Bambo anamenya ndodo pansi katatu. Nkhope yawo inali itafiira, mawu akukanika kutuluka msanga. Ine ndinawamva bwinobwino, sindinganame kuti sindinamve. Koma ndinayang'ana kumwamba, ndinaona mitambo, ndinawerenga masiku otsala, ndipo m'mutu mwanga zinkamveka zoona kuti mphira imagwira ikakokedwa. Kwathu kuno ndani sadziwa zimenezo? Timamangira mphira nkhuni, madengu, mipini yothyoka, mapaipi a pachitsime, ndipo palibe amaimanga yolendewera.

"Bambo, asiyeni a malume agwire ntchito," ndinatero. "Nthawi yatha."

Anandiyang'ana. Sanakalipe. Anangoika ndodo pamiyendo n'kutembenukira kumbali. Mpaka lero ndikakumbukira mayang'anidwe amenewo ndimachita manyazi, chifukwa ndinawalankhula ngati mwana wovuta, munthu amene anali yekhayo wodziwa ntchitoyo pabwalo ponse.

A malume anakumaniza nsonga ziwiri pamwamba pa galasi n'kudula ndi lumo. Galasi linalowa mosavuta, chingwe chinatuluka chokha ngati chikuthawa. A malume anaombera m'manja. Anandionetsa labala wotsala n'kunena kuti taona, kukoka kwawo kwatipulumutsira wambiri. Tinagwirizana kuti galasi lachiwiri tiika mawa, pakuti iwo anali ndi njinga za anthu zowadikira. Bambo chakudya chamadzulo sanadye.

Lachisanu m'mawa ndinatuluka ndi tsache, ndipo ndisanayambe kusesa ndinapita kukasirira ntchito yathu. Pamwamba pa galasi, pamene nsonga ziwiri zinakumana dzulo lake, panali mpata. Labala anali atabwerera. Ndinaikapo zala, zinalowa zitatu. Kudzera pampatapo ndinkaona kumwamba.

Ndinatumiza uthenga kwa a malume. Anafika pa njinga akupuma mwawefuwefu, anayang'ana mpatawo, anavula chipewa, anachivalanso. Ine mawu ndinali nawo ambiri, ndipo ena ndinawatulutsa, mawu osayenera kuuza malume ako. Kenaka ndinakumbukira amene anawaikira kumbuyo dzulo, ndipo ndinatseka pakamwa.

Tinapita tonse awiri kwa bambo pakhonde. A malume anakhala pansi penipeni, osati pampando.

"Alamu, ndalakwa. Tiuzeni chochita."

Bambo sanawanyogodole ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinawawa kuposa kunyogodola. Anati tiwanyamule tipite nawo kugalimoto. Anayang'ana mpatawo nthawi yaitali. A malume anati tichotse galasi, titembenuze labala kuti mpata ukhale pansi kumene madzi salowera kwambiri. Bambo analoza kachibenthu kaja pakona. Anati galasi limeneli lapirira kulowa kamodzi, kulitulutsa n'kulilowetsanso ndi kuliyesa dala. Likasweka ndiye kuti zenera lonse likhala pululu.

"Linalo kaye," anatero.

Galasi lachiwiri tinaliika mmene iwo ankafunira. Labala tinamuveka osakoka, tikuchita kumukankhira m'mbuyo kuti akhale wothinana, ndipo nsonga zinakumana pansi. Podula, bambo anaika chala chawo chakumanja patsogolo pa pamene a malume ankafuna kudula, kuti labala atalikeko pang'ono n'kuchita kupanikizidwa. Chifukwa cha kuthinako galasi linavuta kulowa. A malume anali kunja akukankha ndi zikhatho, ine mkati ndikukoka chingwe, thukuta likulowa m'maso. Pakona yoyamba chingwe chinakana. Ndinakoka, galasi linalira kuti tswii, ndipo tonse tinauma.

"Sopo," anatero bambo. "Zungulitsa dzanja. Pang'ono."

Ndinathira madzi a sopo, ndinazungulitsa chingwe ngati ndikutakasa phala, ndipo mlomo wa labala unadumphira mkati. Makona anayi anatitengera pafupifupi m'mawa wonse. Chingwe chitatuluka chonse, zala zanga zinali zitachekeka, ndipo ndinakhala kaye pansi m'galimotomo.

Labala wotsala anali wokwana zala zinayi. Apa ndi pamene a malume anabwezera ulemu wawo, pakuti kumata zigamba ndiye ntchito yawo. Anadula kachidutswako mosamala, anapala nsonga zake, anapaka guluu womatira machubu, anadikira kuti aume pang'ono akumuuzira, kenaka anakalowetsa pampata paja ndi msana wa supuni, chitsulo chakuthwa osachiyandikitsa pagalasi. Chigambacho chinakhala bwino. Koma chinali chigamba, chokhala ndi misoko iwiri, ndipo chinali pamwamba pomwe madzi a padenga amatsikira. Bambo anati tisachiyese ndi madzi mpaka guluu agwire. Choncho tinafika Loweruka tisakudziwa ngati chidontha kapena ayi.

Achimwene anafika cha m'ma teni, pagalimoto yawo yoyera, mpando wakumbuyo atayalapo kale bulangeti ndi pilo. Analonjera bambo mwaulemu atagwada, analonjera a malume, anamwa madzi, kenaka anati tione galimoto. Sikuti ndi munthu woipa. Ndi iwo amagula mankhwala amene kuchipatala asowa, ndipo mantha awo anali oona ngati anga, kungoti ankaopa chinthu china.

Mvula inali isanagwe, ngakhale kumwamba kunali kolemera. Achimwene anati sadikira mitambo. Anapempha keni yothirira kudimba, n'kunena kuti a malume akwere pa diramu azithira padenga, ife tikhale mkati tione. Bambo anati nawonso alowa. Tinawakweza, ndipo m'malo mogona pamatiresi analoza benchi lam'mbali, pansi penipeni pa galasi lachigamba. Anakhala tsonga, msana atatsamira zenera, chipewa chili kumutu. Ndinazindikira msanga chimene ankachita. Mutu wawo ndi chipewacho zinabisa chigamba chonse. Ine ndi achimwene tinakhala benchi linalo, moyang'anana nawo.

Madzi anayamba kulira padenga. Anatsika pagalasi la kumsana kwathu, lija tinaika bwino, ndipo achimwene anatembenuka n'kuyendetsa chala m'mphepete monse. Munali mouma. Keni yoyamba inatha, yachiwiri inatha, yonse ikutsikira mbali yomweyo.

Achimwene anatulutsa mutu kukhomo lakumbuyo. "Malume, kodi denga ili lili ndi mbali imodzi? Thirani uko kuli bambo."

Kenaka ndinamva diramu ikukokedwa.

Madzi anatsika pagalasi kuseri kwa mutu wa bambo. Keni inafika pakati popanda kanthu, ndipo ndinayamba kuthokoza Mulungu chamumtima. Pomwepo ndinaona kadontho kakutuluka kuseri kwa chipewa. Kanayenda pang'ono m'mphepete mwa chitsulo, kanalendewera, n'kugwera paphewa la bambo lamanzere. Kenaka kena. Kenaka kena. Malaya awo oyera a kutchalitchi, amene anaumirira kuvala tsiku limenelo, anayamba kuda paphewapo, ndipo chinyezi chinkatsikira kumkono.

Bambo sanamve kanthu. Linali phewa lakufa lija. Anakhala atawongola khosi, maso ali pa mwana wawo wamwamuna, ndipo madzi atasiya kulira padenga anamwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Waona?" anatero. "Mouma."

Ndinayang'ana achimwene. Maso awo anali paphewa lija. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana nkhope ya bambo, kenaka ine. Sindinawapemphe kanthu, ngakhale ndi maso. Ndinali nditagonja kale, ndikuganiza za zovala zimene ndilongedze.

Achimwene anatembenukira kwa bambo. "Ndaona, bambo," anatero. "Mouma ndithu. Ntchito mwaigwira."

Anatsika msanga n'kupita kuseri kwa chigafa, ndipo anakhalako nthawi. Atabwerera maso ali ofiira, anandikokera pambali.

"Labala ameneyu unamugula pati? Ndikamufunafuna, kaya mpaka kuti. Pakali pano uziwagoneka mbali inayo, wamva?" Anapita kugalimoto yawo, anatenga pilo ndi bulangeti zija n'kundipatsa kuti ndiziyala kumbuyo kwa yathu.

Atanyamuka, ndinalowa ndi bambo m'nyumba kuti ndiwasinthe malaya. Ndinafuna kuchita mwachangu, ndiwavule n'kuponya malayawo m'beseni asanaone. Koma pokoka mkono, nsalu yonyowayo inakhudza dzanja lawo lamoyo. Anaigwira. Anaifinya pakati pa zala, n'kuyang'ana pamene panali ponyowa, n'kuyang'ana phewa lawo.

"Anaona?" anafunsa.

"Anaona, bambo."

Malaya anali akadali m'manja mwawo. Kunja a malume ankagubuduza diramu kuibwezera kuchitsime, ndipo kutali kunamveka bingu loyamba la chaka chimenecho.

"Muimbire," anatero bambo. "Umuuze ayende bwino. Mvula ingamupeze panjira."